Amene anajuba filimu mumamudziwa?

Imwe muganiza kuti vidiyo ya kitchen party ya mlongo wanu imachoka mu kamera yokonzeka kale? Iyayi. Wa kamera amajambula tsiku lonse, abweretsa kwa ine. Ine nimakhala pa laputopu mpaka mbandakucha, malaiti akapita niyembekeza. Nimachotsa pamene ankolo anagwa na mpando, nifupikitsa mau ya alangizi, niika nkhope ya amai pamene misozi yangoyamba. Anthu akaona, ati wa kamera uyu ni katswiri. Dzina langa palibe, ndalama yanga nayo ni ing'ono.

Manje si ine woyamba kuiwalika. Ku America mphoto za Oscar zinayamba mu 1929, koma ya editing inalibemo. Inabwera mu 1935, pamene anapatsa Conrad Nervig pa filimu yotchedwa Eskimo. Masiku aja kunalibe kompyuta. Filimu inali lamba wautali, umajuba na sizala, ulumikiza na gluu. Mabwana anali kuiona monga nchito ya telala, ndiye chifukwa azimai ambiri analoledwa kuigwira.

Mmodzi wa iwo ni Anne Bauchens. Anakhala mzimai woyamba kuwina Oscar ya editing, pa North West Mounted Police ya 1940. Ngati dzina iyi simuidziwa, nchito yake muidziwa. The Ten Commandments ya 1956, ija ya Mose na nyanja yogawika pakati, anailumikiza ni eve. Tonse timakumbuka ndodo ya Mose, palibe amakamba za sizala ya mai uja.

Amene nimakonda maningi ni Anne Coates, anawina pa Lawrence of Arabia ya 1962. Muli malo amodzi chabe amene nimabwezera kangapo. Peter O'Toole agwira machisa yoyaka, aizima na mpweya wa pakamwa. Pamenepo, kopanda kuchenjeza, uli m'chipululu, kumwamba kwafiira, dzuwa ituluka. Ulendo wonse wochoka ku Cairo aumeza pa kujuba kumodzi. Wina sembe anaikapo masutukesi, njira na kutsazika. Ine nikapatsidwa vidiyo ya ukwati, mkwatibwi akatseka chitseko cha motoka kunyumba, nimajuba, chitseko chitseguka ali kale pa tchalitchi. Ninaphunzira kwa mai uyu.

Verna Fields naye anawina pa Jaws ya 1975. Shaki yao inali ya makina ndipo inali kuonongeka kawirikawiri, so mu filimu imaoneka pang'ono chabe. Uona madzi, uona miyendo ya munthu asambira, uona nkhope za anthu pa mchenga, mtima wayamba kale kugunda. Koma musaganize kuti Oscar imaona zonse. George Tomasini, amene anajuba malo aja a mu bafa mu Psycho ya 1960, pa filimu iyo sanamuike olo pa mndandanda wa opikisana. Icho chimanibaba mpaka lelo.

Sabata yatha ninamaliza vidiyo ya chilanga mulilo. Kumapeto ninalemba dzina langa pansi pa ya wa kamera, malembo olingana. Ananitumira foni usiku, ati choka nayo iyo, makasitoma azayamba kukufuna iwe. Nikali sininachotse, ndipo vidiyo ifunika pa Chisanu.