Mpunga Wachikasu si Ufiti

Inu alimi a ku Hara, tamverani. Mpunga wa wina ukachita chikasu pamene wa mnzake uli wobiriwira, kawirikawiri ndimamva mawu akuti, "Agogo aja andilodza." Koma ine ndikafika pamundapo ndimapeza zina: ngalande yadzala udzu ndipo madzi sakufika, mbande zinawokeredwa zitakula kale, kapena feteleza anathiridwa mochedwa. Mankhwala a zonsezi ndi khasu ndi kusunga nthawi.

Lamulo la za ufiti la chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ife Akhristu sitiyenera kudikira Boma kuti litiletse. Ambuye Yesu anatimasula ku mantha, ndipo munthu womasulidwa sapita kukaombeza ula za mbale wake. Amene apirikitsa nkhalamba pamudzi akali kapolo wa mantha, ngakhale apite ku tchalitchi Lamulungu lililonse.

Tsono Kilombero wanu akafooka, itanani mlangizi, ndipo lambulani ngalande pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mukakolola, patulaniko lichero limodzi mukapatse agogo aja. Iwonso ndi ana a Mulungu.