Chikho cha omwe anatsogola

Koma abale, za Jól, chikondwerero cha makolo a ku Norway, sizikundichoka m'mutu. Pakati pa nyengo yachisanu, dzuwa likungosuzumira n'kubwerera, iwo ankachita madyerero masiku atatu.

Snorri Sturluson wa ku Iceland analemba kuti pa madyerero a nsembe ankapha ziweto, ndi akavalo omwe, chikho choyamba n'kumwera mulungu wawo Odin kuti mfumu ipambane, kenako milungu Njord ndi Freyr kupempha zokolola ndi mtendere. Ankamweranso abale awo omwe anatsogola. Apa mpomwe pandikhudza zedi.

Haakon, mfumu yachikhristu ya m'zaka za m'ma 900, sanathetse Jól ayi. Anangoisunthira pa Khirisimasi, n'kulamula kuti aliyense azifulula mowa, wokana alipire.

Nanga inu, pa Khirisimasi mumawatchulako mayina anthu anu omwe anapita?