Fumbi la Njira ya ku Mkanda

Aliyense amene anakulira m'chigawo chapakati akudziwa kuti Okutobala si mwezi woyenda ulendo. Dzuwa limatuluka litapsa kale, nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa, ndipo phula la mumsewu limanyezimira kutsogoloku ngati pali chithaphwi. Komatu ndi mwezi womwewu umene nkhani za minda zimathera. Chizimalupsa chikangogwa, munda wopanda mwini wooneka umapeza mwini wina. N'chifukwa chake uthenga wa atsibweni athu, amene kuno ku Blantyre tinazolowera kungowati amalume, utafika mu Okutobala wa 2024, sitikanatha kuyankha kuti tidzabwera pa Khirisimasi. Mawu ake anali ochepa: munda wa malemu mayi anu ku Mkanda wagona zaka ziwiri, anyakwawa ayamba kufunsa, bwerani nonse atatu.

Nonse atatu! Apo ndiye panagona nkhani. M'mimba mwa mayi athu tilipo atatu: achemwali, amene amagulitsa kaunjika ku Limbe, ine wapakati, wolemba ndakatulo zosadyetsa munthu, ndi mzime wathu, mnyamata wa kabaza ku Ndirande. Achemwali ndi mzimeyu anali asanalankhulane chiikire maliro. Mnyamatayo ankafuna kuti munda ubwereketsedwe kwa anthu olima soya, iye apeze ndalama zomalizira ngongole ya njinga yake. Achemwali ankati munda wa mbumba sagulitsa, ndipo kubwereketsa ndi kugulitsa n'chimodzimodzi, kungoti wobwereka amayamba ndi ulemu. Kwathu kwa Achewa nthaka imatsata akazi, choncho mawu awo anali olemera. Koma nayo ngongole siidziwa mwambo.

Mukukumbukira, owerenga, momwe mafuta anasowera miyezi imeneyo. Magalimoto ankagona pamizere, ndipo mitengo ya maminibasi inkasintha malinga ndi nkhope ya kondakitala. Mzime anawerengera n'kupeza kuti njinga zamoto ziwiri zingatifikitse ndi malita ochepa chabe. Iye anali ndi Lifo yake, ndipo mnzake wina wapasiteji anandibwereka SanLG. Tsiku lonyamuka achemwali anayang'ana njinga ziwirizo, n'kutiyang'ana ife.

"Iwe," anatero akuloza ine, "ukakayamba kuganiza ndakatulo zako pa mlatho wa Zalewa tikagwera mu Shire. Nyamula katundu."

Atatero anamanga bwino chitenje, n'kuvala chipewa chotetezera mutu, n'kukwera kumbuyo kwa munthu amene sankamupatsa ngakhale moni.

Ulendowu ndi wa makilomita oposa 400: kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi oposa 300, kuchoka pamenepo kukafika ku Mchinji pa boma ndi pafupifupi 110, kenako n'kukhotera kumpoto. Tinanyamuka kusanache. Ine ndinali pambuyo, motero zonse zinkachitikira m'maso mwanga. Kudutsa Lunzu ndi Lirangwe, achemwali anakhala chowongoka ngati ali m'tchalitchi, manja onse atagwira kaliyala kumbuyo kwawo, ndipo pakati pa iwo ndi msana wa mzime panali mpata woti n'kukhalapo mwana. Tinawoloka Shire, n'kulowa m'dziko la malambe ndi matumba a makala. Kutentha kwa kumeneko n'kwina. Mphepo imene umayembekeza kuti ikuziziritsa imakuwomba ngati watsegula uvuni wa njerwa.

Munthu wa pagalimoto sadziwa kuti thiraki imayenda ndi mphepo yakeyake. Ikamakudutsa imayamba yakukankhira kutchire, kenako n'kukukokera kumatayala ake. Cha ku Phalula thiraki yaitali inatipitirira mosapereka mpata, njinga ya mzime inagwedezeka, iye n'kuibweza mwaluso. Fumbi litatha ndinaona zala ziwiri za achemwali zitatsina malaya a mnyamatayo. Zala ziwiri basi, ngati munthu wanyamula chinthu chonunkha. Koma pofika pa Ntcheu linali dzanja lathunthu.

Ndaganizapo kwambiri za chimenechi. Tikanakwera minibasi, anthu awiriwa akanayambana tisanafike pa Chingeni, ndipo apaulendo anzathu akanagawikana, ena mbali ya achemwali, ena mbali ya mnyamata, monga timachitira Amalawi. Pa njinga yamoto n'zosatheka. Ukatsegula pakamwa mphepo imalanda mawu, mwinanso n'kukupatsa kachilombo m'malo mwake. Wakumbuyo sangathe kukwiya n'kuyang'ana kumbali, chifukwa pokhota ayenera kupendekera kumene wakutsogolo wapendekera. Akakana, onse awiri agwa.

Kuchoka pa Ntcheu msewu umakwera, mphepo n'kuyamba kuzizira, ndipo kwa mtunda wautali msewuwo ndiwo malire: kudzanja lamanja Malawi, kumanzere Mozambique. Kumanzereko kukuonekabe mabwinja a nyumba za nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, nkhondo imene inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi. Lero mbali yomweyo ndi imene inatipulumutsa, pakuti anyamata anali ndi petulo wa m'mabotolo, pamtengo woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Tinagula osawiringula. Pa Lizulu, pakati pa milu ya kabichi, tomato ndi mbatatesi, achemwali anagula tchipisi cha pachiwaya mapepala atatu. Awiri anandipatsa ine.

"Umupatse m'bale wakoyo."

M'bale wangayo anali ataima pafupi moti akanatha kulandira yekha. Ndinapereka, iye analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza ine.

Tinagona ku Kawale kwa msuweni wathu, miyendo ikunjenjemera ngati injini ikadalirabe. Za usiku umenewo palibe chokamba. Aliyense anagwa ngati chipika.

M'mawa mwake tinalowa msewu wa ku Mchinji. Apa dziko ndi lathyathyathya, lofiira, minda itagalauzidwa kale kudikira mvula. Tikudutsa pa Chitedze ndinakumbukira mayi athu. Akatswiri a zaulimi anatulutsa mtedza wa CG7 mu 1990, ndipo anthu ambiri anauthamangira chifukwa umabereka kwambiri, koma mayi sanasiye Chalimbana wawo. Ankati nsinjiro za mtedza wofiirawo zimachuluka mafuta, sizigwirizana ndi nkhwani. Ine, amene ndadya nsinjiro zamitundu yonse m'tauni muno, ndikuti mayi ankanena zoona.

Tinadutsa Msundwe ndi Namitete bwinobwino. Titatsala pang'ono kufika pa Kamwendo, tayala lakumbuyo la mzime linaphwa. Tinakankha njinga mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe mkulu wina amamata matayala. Dzuwa linali paliwombo. Mkuluyo atatchula mtengo, mzime anapisa m'thumba n'kutulutsa kachikwama kake, n'kuyamba kuwerenga timapepala topindikapindika, tonyowa ndi thukuta, ta anthu amene anawanyamula m'makwalala a Ndirande. Anawerenga kawiri. Achemwali ankangoyang'ana manja akewo, akuda ndi girisi, zikhato zolimba ngati chikopa. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kulipira.

"Ngongoleyo yatsala zingati?"

Awa anali mawu oyamba m'zaka ziwiri. Mzime anatchula. Achemwali anangoti, "Ii!" n'kuyang'ana kumsewu. Sanapepesane, ndipo ine ndinadziwa kuti ndikangoikapo mawu anga ndiwononga zinthu. Ndinapita kukafuna madzi akumwa.

Pa boma la Mchinji, pamene atsamunda ankati Fort Manning, ambiri amapitirira kuchipata cha Mwami, chimene atsogoleri a Malawi ndi Zambia anachitsegula mu 2022 chitamangidwa mwatsopano kuti apaulendo aziima kamodzi kokha. Ife tinakhotera kumpoto, mapiri ali kumanzere kwathu. Kwa anthu a ku Mkanda chipata chimenecho n'cha mathiraki ndi a mapasipoti. Kutsidyako kuli azakhali, kuli manda a makolo, kuli Kalonga Gawa Undi amene mafumu athu amakamulambira ku Mkaika chaka ndi chaka mu Ogasiti. Malire alipo ndithu, koma mbuzi siziwadziwa.

Titadutsa pamsika wa Mkanda tinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kakumudzi. Fumbi lake n'losalala ngati ufa woyera, kungoti lofiira, ndipo limalowa paliponse: m'mphuno, m'nsidze, m'kati mwa chipewa. Apa achemwali anali atakumbatira mzime m'chiuno ndi manja onse awiri, mutu atautsamira pamsana pake pobisala fumbilo.

Atsibweni anatuluka m'nyumba n'kutiyang'ana kwa kanthawi osatizindikira.

"Ndimayesa mubwera pa galimoto," anatero.

Ndaonapo momwe a pagalimoto amalandiridwira kumudzi. Amawatulutsira mipando, amawatcha abwana, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense amakhala atawafotokozera vuto lake. Munthu wotere nkhani ya munda saimvetsa, amati, iyeyu ali nazo kale. Ife anatiyalira mphasa. Azimayi anaseka achemwali kuti afiira ngati chulu, n'kuwatengera kuseri kukasamba.

Nkhani inakambidwa m'mawa mwake, m'munda momwemo, anyakwawa alipo. Ine, monga munthu wa dipuloma, ndinatchula lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola banja kulembetsa malo ake kuti akhale ndi chikalata. Atsibweni anamvetsera mwaulemu, kenako anati chikalatacho n'chabwino, tidzachifuna, koma pepala silipalira. Chimene mudzi ukufuna kuona ndi mizere.

Anakambirana mpaka mthunzi unafupika. Mapeto ake anali akuti theka la munda alime msuweni wathu wa mbumba yomweyo, kwa chaka chimodzi chokha, ndipo adzalipire akakolola. Ndalamazo zipite ku ngongole ya njinga. Mlendo wa soya ayi. Theka linalo achemwali anati alima okha mtedza. Mzime sanakondwe kwenikweni, chifukwa ndalama za msuweni n'zochepa poyerekeza ndi za anthu a soya, ndiponso zobwera mochedwa. Achemwali nawo anang'ung'udza kuti chaka chimodzi chimabala chinzake. Anyakwawa anati aona, ndipo anapita.

Lachinayi tikumanga katundu kuti tibwerere, achemwali anatuluka atavala nsapato zakale za mayi, khasu lili paphewa. Anati kaunjika angadikire, mnzawo wapabenchi awagulitsira. Iwo sachoka mizere isanathe. Ndinawauza kuti ndiwatumizira ndalama ya basi. Sanandiyankhe. Anatembenukira kwa mzime, amene anali atagwada akupima mpweya wa tayala lija ndi chala.

"Iwe, udzanditenge Loweruka la mawa. Ndipo chipewa chija uchichape, chikununkha anthu a ku Ndirande."