Masitampa anayi a m'chitini cha amalume

3 Novembala

Amalume andipatsa chitini cha mabisiketi chomwe amasungiramo masitampa. Anagwira ukalaliki ku mishoni zaka zambiri, ndipo makalata akunja akabwera ankadula ngodya ya envulopu n'kusunga. Tsopano maso akuwavuta. "Tenga mphwanga," anatero, "iwe ndi njinga zakozi, zako zilimo m'menemo."

Madzulo nditaweruka ku galaja ndakhuthulira zonse pamphasa. Muli mbalame, maluwa, mafumu, nkhope ya Kamuzu kambirimbiri. Pansi penipeni ndapeza anayi ofanana kapangidwe, a anthu othamanga pa njinga zamoto. Mayina awo: Joël Robert, Roger De Coster, Gaston Rahier, Harry Everts. Palibe ngakhale mmodzi amene ndinamumvapo. Zaka zisanu ndikumasula mainjini a njinga za akabaza, koma masewera amenewa ndi achilendo kwa ine.

6 Novembala

Pa masitampawo palembedwa België komanso Belgique. Ndimaganiza kuti ndi mayiko awiri ogwirizana. Amalume andiwongola: dziko ndi limodzi, Belgium, kungoti kumpoto amalankhula Chidatchi, kummwera Chifalansa, ndiye positi imalemba zonse ziwiri kuti wina asadandaule.

Ndagula bandulo n'kufufuza pa foni. Anayiwa ndi a gulu la masitampa 12 omwe positi ya ku Belgium inatulutsa mu 2004 polemekeza akatswiri awo a motocross. Ndiye kuti ndikusowa asanu ndi atatu. Motocross ndi mpikisano wa njinga zamoto m'bwalo ladothi lozungulira, la zitunda, matope ndi mchenga, osati pa tala. Mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1957 ndi njinga za 500cc, za 250cc zinalowa mu 1962, za 125cc mu 1975. Apa pokha ndinamva ngati ndili kwathu, chifukwa ma cc ndimawadziwa ndi manja. Njinga zambiri zomwe ndimakonza n'zapafupi ndi gulu laling'onolo.

9 Novembala

Lero ndawononga sitampa.

Ndinkafuna kuchotsa ya Rahier pa kachidutswa ka envulopu. Ndinalowetsa chikhadabo pangodya n'kukoka pang'onopang'ono monga ndimachitira ndi gasiketi yakale. Inamatuka, koma mbali ina ya kumsana kwake inatsalira pa envulopu. Ndikaiyang'anitsa padzuwa, pakati pakuonekera kuwala, papyapyala. Dzino limodzi la m'mphepete lathothokanso.

Ndinapita kukawauza amalume, chifukwa sindikanatha kubisa. Anakhala chete kanthawi, akuisisita ndi chala. Kenako anati, "Sitampa simatulidwa, imaviikidwa. Bwanji sunafunse?" Ndinalibe choyankha. Iwo anaisunga zaka pafupifupi makumi awiri osaisintha kanthu, ine yandikwanira sabata imodzi. Usiku uno mtima sukukhazikika.

10 Novembala

Andiphunzitsa, iwo akulankhula, ine ndikuchita. Madzi ofunda pang'ono m'mbale yoyera, osati otentha. Sitampa iyandame mpaka guluu atasungunuka, ndipo imadzilekanitsa yokha ndi pepala. Ukaona kuti ikukanirira, dikira. Kenako kuitsukuluza m'madzi ena, kuigoneka chafufumimba pa pepala loyera lomwa madzi, ikayamba kuuma kuipsinja ndi buku lolemera usiku wonse. Envulopu yofiira kapena yobiriwira iviikidwe payokha chifukwa imasuluka n'kudetsa zinzake. Sitampa yatsopano, yosadindidwa, siyandikira madzi n'komwe, popeza guluu wake ndi mbali ya mtengo wake.

Ndinayamba ndi za maluwa zomwe zilipo zambiri. Dzanja litazolowera ndinaviika Robert, De Coster ndi Everts. Onse atuluka amphumphu. Manja anga amakhala ndi girisi ngakhale ndisambe bwanji, choncho ndagula kopanira kakang'ono kopanda mano kuti ndizinyamulira.

15 Novembala

Masiku asanu ndakhala ndikuwerenga za anthuwa mmodzimmodzi, ndipo Joël Robert wandigwira mtima kuposa onse. Anatenga chikho cha dziko lonse cha 250cc kasanu ndi kamodzi: 1964, kenako zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1968 mpaka 1972. Zitatu zoyambazo anapambana pa CZ, njinga ya ku Czechoslovakia. Mu 1970 anasamukira ku Suzuki, ndipo chaka chomwecho kampani ya ku Japan inatenga chikho cha motocross kwa nthawi yoyamba. De Coster anachita zomwezo pa 500cc, zikho zisanu pa Suzuki pakati pa 1971 ndi 1976.

Izi zandiunikira chinthu chomwe ndimachiona tsiku lililonse osachifunsa. Ife tinakula tikudziwa kuti njinga yolimba ndi ya ku Japan, ngati kuti zinali choncho chiyambire. Ayi. Kale m'matopemo munkalamulira njinga za ku Ulaya: BSA, Husqvarna, CZ, ndi FN ya ku Belgium komweko, yomwe René Baeten anapambanira mu 1958. A ku Japan anachita kulemba ntchito anyamata a ku Belgium kuti awatsegulire njira.

Za mainjini nazo zandikoma. Njinga za Robert ndi De Coster zinali za two-stroke, zija timasakaniza oyilo mu petulo, zopepuka, zolira mokwiya, zautsi. Zinathamangitsa za four-stroke m'mpikisano kwa nthawi yaitali. Jeff Smith atapambana pa BSA mu 1965, panadutsa zaka 28 kuti four-stroke itengenso chikho cha 500cc, ndipo anachita zimenezo ndi Jacky Martens pa Husqvarna mu 1993. Martens ali m'gulu la 12 lija. Ndilibe. Ndikanati ndisankhe mmodzi wa osowawo, ndi ameneyu, chifukwa injini yake ndi mtundu womwe ndimaugwira m'manja.

19 Novembala

Ndimasokoneza ma Everts. Ndinkawerenga za zikho khumi n'kumaganiza kuti ndi wa pa sitampa yangayi. Kani alipo awiri, bambo ndi mwana, ndipo onse ali m'gululo. Wangayu ndi bambo, Harry, wa zikho zinayi: 1975 pa Puch, kenako 1979 mpaka 1981 pa Suzuki. Wa khumiyo ndi Stefan, amene anapuma mu 2006 atapambana mipikisano ikuluikulu 101. Pamene masitampawa ankatuluka anali akadali m'bwalo. Mu 2018 anapita ku Congo, anatenga malungo, ndipo anatsala pang'ono kufa. Anadulidwa zala zakumapazi. Munthu wodumpha zitunda moyo wake wonse, n'kudzagwetsedwa ndi udzudzu womwewu timalimbana nawo kuno.

Masewerawa ali ndi maliro ake. Baeten anafa pa ngozi ya mpikisano mu 1960. André Malherbe, wa zikho zitatu pa Honda, anapuwala mu 1988 pa mpikisano wa Paris-Dakar. Sitampa imaonetsa munthu ali pa liwiro, koma izi siinena. Ndaganiza zozilemba ndi pensulo m'munsi mwa aliyense, pamodzi ndi zikho zake.

26 Novembala

Mvula yayamba ndipo m'nyumba mwachita chinyezi. Ndatulutsa masitampa m'chitini, chomwe chayamba dzimbiri m'ngodya, n'kuwaika m'buku lokhala ndi timatumba. Tsamba limodzi ndalisiyira a ku Belgium okha, malo 12. Anayi ndi odzaza.

Ndinaganiza zobisa Rahier kumapeto kwa buku. Koma ndamuika pamalo pake. Anali wamfupi kwambiri, ndiye woyamba kutenga chikho cha 125cc, katatu motsatizana kuyambira 1975, ndipo pambuyo pake anapambana Paris-Dakar mu 1984 ndi 1985 pa BMW yaitali yoti miyendo yake inkavutika kufika pansi. Pansi pake ndalemba kuti kupyapyala kwa kumsanako ndinachititsa ndine, pa 9 Novembala.

Madzulo ndinapita nalo bukulo kwa amalume. Analiyandikitsa kumaso, kenako anandibwezera. "Sindikuona kanthu. Undiuze, woyambayu ndani?"

"Ndi Joël Robert, malume. Mundilole ndiyambire pa njinga yake."

Anakokera mpando pafupi ndi zenera, nauza azakhali kuti nsima idikire kaye.