Ng'oma Yopanda Chikopa

Ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, kudali mnyamata wina amene adasandutsa chipinda chake chogona kukhala malo ojambuliramo nyimbo. Chuma chake chonse chidali kompyuta yogula kwa munthu, maikolofoni imodzi ndi mabulangete awiri amene adawakhomera kukhoma kuti mawu asamabwerere. M'kompyutamo mudali pulogalamu yotchedwa FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene mpaka chaka cha 2003 inkadziwika ndi dzina loti FruityLoops. Pulogalamuyi imayala timabokosi 16 pamzere, ndipo munthu akadina kabokosi, ng'oma imalira nthawi ya kabokosiko ikakwana.

Amayi a kwaya ya mpingo wina adasonkherana ndalama nampatsa theka kuti awajambulire nyimbo zinayi. Theka linalo adati adzapereka ntchito ikatha. Mnyamatayo adachezera masiku asanu, kupatula usiku umodzi umene magetsi adazima, ndipo atamaliza adawaitana monyadira. Amayiwo adamvetsera ali duu, manja ali pamiyendo. Padalibe ndi mmodzi yemwe wogwedeza phewa. Potsiriza amayi apampando adati, "Mwana wanga, mawu athu wawakonza bwino, koma ng'omazi sizikuvinitsa." Adatero osamasula mfundo ya pachitenje pawo, pamene padali ndalama zotsalazo. Lendi ya nyumba idali itatsala masiku asanu ndi limodzi.

Mlungu womwewo kudafika agogo ake aamuna kuchokera ku Dedza kudzaonetsa maso kuchipatala. Gogoyu paunyamata wake adali katswiri woomba mbalule, ng'oma yotsogolera pabwalo la gule wamkulu, ngakhale kuti nkhaniyi sankakonda kuikamba pakati pa anthu a mpingo. Atamva nyimbo ija kawiri adafunsa, "Kodi iwe, woomba ng'omayu ali ndi manja angati?"

"Palibe munthu, agogo, ndi makina."

"Ndamva manja atatu akugwa nthawi imodzi pang'oma imodzi. Komanso satopa, ndipo dzanja lake lamanzere n'lolimba chimodzimodzi ndi lamanja. Munthu wotere ine sindidamuonepo."

Mnyamatayo adaseka, koma usiku adabwerera pakompyuta mawu aja akumulasa mumtima. Adayamba ndi kuchotsa dzanja lachitatu lija, ntchito imene sidatenge ngakhale ola. Kenaka adatsegula pamene pamalembedwa mphamvu ya kuomba. Kuyambira chaka cha 1983, zida zoimbira zamagetsi zimamvana kudzera m'njira yotchedwa MIDI, ndipo m'njirayi mphamvu ya kuomba kulikonse imayezedwa ndi nambala yochokera pa 1 kulekeza pa 127. Iye adapeza kuti kuomba kwake konse kudali pa 100, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tsono adayamba kutsitsa kwina, kukweza kwina, ndi kulowetsa pakati timawu tonong'ona tija timene chala chimasiya pachikopa dzanja likamadutsa. Timawu timeneti munthu satimva bwinobwino, koma tikachoka ng'oma imasanduka chitini.

Chovuta kwambiri chidali nthawi. Kompyuta imakokera kuomba kulikonse pamzere wake ndendende, pomwe munthu amafulumira pang'ono mtima ukakwera, nachedwa pang'ono akamakoka nyimbo. Vutoli lidabadwira pamodzi ndi makinawo. M'chaka cha 1980, Roger Linn wa ku America adatulutsa LM-1, makina amene ankaliza mawu ojambulidwa kuchokera ku ng'oma zenizeni, ndipo adaikamo njira yochedwetsa pang'ono kuomba kwachiwiri pa kuwiri kulikonse kuti nyimbo izinyang'ama. Patapita zaka, J Dilla wa ku Detroit, amene adamwalira m'chaka cha 2006, adatchuka chifukwa chosuntha dala kuomba kwa ng'oma zake pamakina a MPC, kwina kutsogolo, kwina kumbuyo, mpaka akatswiri oomba ndi manja adayamba kutsanzira makina ake. Mnyamata wa ku Kawale uja adayesa zomwezo, koma poyamba adanyanya, ng'oma nkumayenda ngati chidakwa chochokera ku mowa. Pang'onopang'ono adazindikira kuti kusuntha koyenera n'kochepa zedi, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100 a sekondi, ndiponso kuti sikuchitika mwachisawawa: kumatsata mpweya wa oimba.

M'mawa agogo adamvetseranso akuomba zala pabondo, ndipo mdzukulu adaona kuti zalazo sizinkagwirizana ndi timabokosi take. Atawerenga bwino adapeza kuti gogoyo ankagawa nyimbo patatupatatu, magawo 12, monga muja ayendera magule ambiri a kwathu kuno, pomwe iye adaikakamiza kulowa m'magawo 16. Amayi aja ankaimba motsata 12, ng'oma nkumakana. Nzosadabwitsa kuti mapewa awo adauma.

Chotsala chidali liwu la ng'oma lenilenilo. Mawu amene adabwera ndi pulogalamu adali amodzimodzi nthawi zonse, ndipo khutu silichedwa kutopa ndi chinthu chobwerezedwa chosasintha. Adakabwereka ng'oma kumpingo kuja, agogo naiwamba pambaula mpaka chikopa chidakungika. Adaomba pakati, m'mbali, ndi chikhatho, ndi nsonga za zala, mofewa ndi mwamphamvu, mdzukulu akujambula kuomba kulikonse pakokha. Pambuyo pake adakonza kuti kompyuta izisinthanitsa mawuwo, kuti liwu limodzi lisamveke kawiri motsatizana.

Loweruka amayi aja adabweranso. Ndime yoyamba isanathe, phazi la mayi wina wa kumapeto lidayamba kugunda pansi, ndipo pofika pakolasi chipinda chidachepa. Amayi apampando adamasula mfundo ija nawerenga ndalama patebulo.

Alendo atapita, mnyamatayo adafunsa, "Nanga lero mwamva bwanji, agogo?"

"Manja akwana tsopano," adayankha gogoyo akufunafuna ndodo yake. "Koma ng'oma yeniyeni imazizira, mdzukulu wanga. Ukaiomba nthawi yaitali liwu limatsika, mpaka uibwezere pamoto. Yakoyi yatha nyimbo zinayi ili chitenthere."

Usiku umenewo, agogo atagona pamphasa, mnyamatayo adavala mahedifoni, natsegula nyimbo yachinayi, nayamba kutsitsa liwu la ng'oma pang'onopang'ono kuyambira pandime yachitatu.