DZINA LANGA LINAYAMBA KUFIKA KU BANKI INE NDISANAFIKE

Anyamata anzanga a m'mbali mwa nyanja, werengani mpaka pansi.

Mwezi wathawu ine ndi mayi a kunyumba tinatchena, ulendo wa ku banki pa Mangochi boma kukafunsa ngongole yomangira nyumba. Lendi yatitopetsa. Iwo ndi aphunzitsi a ku pulayimale, ali ndi pesilipi. Ine ndimakonza mainjini a maboti, ndipo usipa ukamafa bwino ndimapeza kuposa iwo. Ndiye ndinalowa motumbwa, ngati mwini filimu.

Bambo wa pa desiki anatenga ziphaso zathu za unzika n'kuyamba kugogoda kompyuta. Kwa madamu kunali koyera, ngongole yawo ya ku SACCO anabweza yonse pa nthawi yake. Atafika pa ine anayamba wakhala chete.

"Achimwene, K18,000 ya pa foni ija munabweza?"

Aise, thukuta kamukamu. Ndinaitenga nthawi ya mwera, maboti ali pamtunda, ntchito kulibe. Kenako ndinataya simu n'kumati nkhani yathera pompo, kuiwala kuti simuyo ndinalembetsa ndi chiphaso changa. Kuli mabungwe osunga mbiri ya angongole, amati credit reference bureau, ndipo banki imayamba yafunsa kumeneko isanakupatse kanthu.

Sizinathere pamenepo. Ndinasayinirapo mnzanga wina pamene ankatenga ngongole ya injini. Iye anasiya kubweza n'kulowera ku Joni. Dzina lotsala papepala ndi langa.

Bambo uja anatiuza mosabisa: mukafunsira limodzi timayang'ana nonse, mbiri yabwino ya mmodzi siichapa ya mnzake. Madamu atha kufunsira okha, koma ndalama zikhala zochepa chifukwa awerengera malipiro awo okha. Zanga zija, poti ndimalandirira m'manja pagombe, ku banki sizioneka. Malo amene anatipatsa amfumu nawonso akuti sangakhale chikole opanda mapepala a lizi.

M'minibasi pobwerera madamu sanayankhule. Titatsika anangofunsa kuti, "Bambo a Chisomo, pali ngongole zina zingati zimene ine sindikuzidziwa?" Funso limenelo linandiwawa kuposa kukanidwa kwa ku banki.

Bambo anga, amene akalambira pa chilimira, atamva anangoti, "Kabowo kamene umakanyoza masana ndi kamene kamadzaza bwato usiku."

Pano ya pa foni ndabweza, chiwongoladzanja ndi chindapusa chomwe, ndipo uthenga wotsimikiza ndausunga. Ya mnzanga ija ndikudula pang'onopang'ono uku ndikulira. Aliyense wokonzetsa injini ndikumuuza kuti alipire ku akaunti, kuti sitetimenti izindichitira umboni. Tikabwererakonso miyezi sikisi ikatha.

Njerwa tinaumba kale, zili pa uvuni, zikungomera udzu.

Amwene, kangongole ka pa foni kaja kabwezeni lero. Ndipo musanasayinire munthu, dzifunseni ngati mungathe kumulipirira yonse. Tumizirani gulu lanu lonse, makamaka aja osinthasintha masimu.