Denga lodontha kopanda mvula

Ntchito yanga ndi yomanga nyumba ndi kukhoma malata, kuyambira kuno ku Ulongwe mpaka ku Domwe ndi ku Tsangano. Mu Juni ndi Julayi, mvula italeka kalekale, m'pamene anthu amandiitana kuti denga likudontha. Ndikakwera ndimapeza misomali ili bwinobwino, malata opanda bowo. Madziwo amachokera m'nyumba momwemo.

Kuno ku Angónia ndi kumtunda, phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000, ndipo usiku wopanda mitambo lata limazizira kuposa mpweya wakunja. Pansi pake pagona banja lonse, aliyense akupuma nthunzi. Pakona pali matumba a chimanga chosaumitsitsa, mbatatesi zodikira ogula a ku Tete, zovala zonyowa pachingwe. Chinyezi chonsecho chimakwera, chikagunda lata chimasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto. M'bandakucha madontho aja amagwera pabulangete. Denga la udzu silichita zimenezi, poti udzu ndi wochindikala ndipo nthunzi imadutsa.

Pomanga timasiya maventi pamwamba pa khoma, koma kukangozizira eni nyumba amawatseka ndi sanza kapena makatoni. Sindiwadzudzula, mphepo ya mwera siseka ndi munthu. Komatu akatero madontho amachuluka, khoma limachita nkhungu yakuda, mitanda imayamba kuwola pamene padutsa msomali. Choopsa kwambiri ndi mbaula. Mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo m'chipinda chotseka paliponse munthu amagona osadzukanso. Pa ichi chokha sindinyengerera: "Mayi, chotsani sanzazo, apo ayi mbaula igone kunja."

Ine maventi ndimawaika pa makoma awiri oyang'anizana, pafupi ndi denga, kuti mphepo izidutsa pamwamba osawomba ogona. Pansi pa venti ndimapaka simenti mopendekera kunja kuti madzi akachita mame asatsikire mkati, kenako ndimaika waya wa sefa woletsa udzudzu ndi mileme. Denga ndimalipendeketsa ndithu. Ambiri amafuna lathyathyathya kuti asunge ndalama ya matabwa, koma pa lata logona dontho limagwa pomwepo, pamene pa lopendekera limatsetsereka mpaka kukhonde.

Amene alibe ndalama ya siling'i ya m'sitolo ndimamuuza adule bango kapena agule mphasa. Timakhoma m'munsi mwa denga, n'kusiya mpata pakati pa mphasa ndi malata, ndi kabowo kunsonga ya khoma mbali zonse ziwiri. Chipinda chimafunda, malata amauma. Pepala lakuda la pulasitiki lomata kunsi kwa malata ndimalikana. Limasunga madzi mpaka kupanga chithaphwi, tsiku lina n'kuphulikira pakama.

Nyumba yongopaka pulasitala nayo imatulutsa madzi ambiri kwa milungu ingapo. Mwini wake akaumirira kulowa mu Juni, ndimamuuza kuti mazenera azikhala otsekula kuyambira dzuwa likatuluka mpaka cha m'ma 3 koloko masana.